Ngalande yathu inagumuka, amayi

Amayi,

Kodi kumene munapitako mukukhala bwanji? Ife kuno tikudzuka. Mkazi wa mchimwene wanga Yohane anachira mwezi wathawu, mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Akalira mudzi wonse umadziwa. Mbuzi yanu yamawanga ija inaswa ana awiri, koma mmodzi anagwidwa ndi fisi.

Nkhani yaikulu ndi ya kalabu yanu ya ulimi wothirira. Titangokuikani m'manda, anthu anasankha ine kukhala wapampando m'malo mwanu. Ndinakana kawiri, kachitatu ndinavomera. Sindinadziwe kuti mvula ya chaka chino idzagumula ngalande yathu pamwamba paja, pamene imapatuka mumtsinje. Pofika nthawi yobzala mbatata ya kachewere, madzi ankangodontha ngati a m'ndowa yobooka.

Ndinapita ku Ntcheu boma kukapempha simenti ndi mapaipi. Anandiuza mosabisa kuti malo ogumuka achuluka, ife tidikire chaka chamawa. Apa ndi pamene ndinalakwa, amayi. Nditabwerako ndinauza anthu kuti thandizo lili m'njira, poopa kuti angabalalike. Masabata atatu anatha anthu atapinda manja. A minda yakumunsi anayamba kunena kuti akumtunda akuba madzi. Bambo Zimba, aja anagwira ntchito limodzi ndi abambo kumigodi ya ku Joni, anatseka ngalande ndi matumba a mchenga kuti madzi azilowa m'munda mwawo mokha. Tsiku lina makasu anatsala pang'ono kugwira ntchito ina.

Munkakonda kunena kuti mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndinaitanitsa msonkhano pogumuka pomwepo, kuti aliyense aone ndi maso ake. Onse atafika, ndinalankhula.

"Ndinakunamizani. Simenti sikubwera. Madzi alipowa sangakwanire minda yonse, ndiye aliyense abzale theka la munda wake. Munda wa mayi anga ndi woyamba kumtunda. Chaka chino ugona wonse."

Kenako aNachisale, mayi wamasiye wa munda wotsiriza uja, anandikalipira pagulu kuti bodza langa lawadyera masabata atatu, pamene ana awo amadalira munda womwewo. Sindinawadule mawu, chifukwa ankanena zoona. Atatha ndinawapempha kuti akhale oyang'anira nthawi yothirira, popeza iwo ndi amene madzi amawafika pomalizira. Pamapeto pake anavomera.

Bambo Zimba ndinangowafunsa mmene ankatchingira madzi kumigodi. Anayamba mong'ung'udza, koma posakhalitsa anali atanjuta pansi akujambula ndi kamtengo. Ntchito yomanga ndinaisiya m'manja mwawo, ndipo matumba awo aja ndi amene anakhala oyamba kuikidwa pogumukapo.

Tinagawana: ena kututa miyala, ena kudula nsungwi, amayi achikulire kudzaza matumba. Loweruka lililonse m'mawa ndinkaima pamaso pawo kunena mmene zinthu zilili, zabwino ndi zoipa zomwe. Chomanga chathu choyamba chinakokoloka patangotha masiku anayi. Mabanja awiri anatuluka m'kalabu tsiku lomwelo, ndipo sindinawathamangire. Bambo Zimba anavomera okha kuti maziko anali osazama, tinakumbanso. Chachiwiricho chilipo mpaka lero.

Takolola, amayi. Si zambiri ngati m'masiku anu, koma palibe amene wabwerako chimanjamanja. Kachewere wathu tinamugulitsa m'mbali mwa msewu pa Nsipe, ndipo wa aNachisale ndi amene anali wamkulu kuposa onse. Dzana anabwera kunyumba atasenza beseni la mbewu yosankha. Anatula pakhonde, anakana kukhala pansi.

"Iyi mukabzale. Koma bodza lija musadzabwerezenso, mwana wa aNangozo. Ife zowawa timatha kumva."

Mwezi wamawa kuli chisankho cha kalabu, ndipo ulendo uno sindidikira kukakamizidwa, ndiima ndekha. Mvula isanagwe tikufuna kulimbitsa malo ena awiri amene ayamba kung'aluka. Mantha aja anatha. Ndadziwa tsopano kuti anthu anuwa ndi olimba kuposa mmene ndinkawaganizira.

Muwapatse moni abambo. Ndimakukondani, ndipo ndikukulonjezani kuti kaya kudzagwe chotani, anthuwa adzamva zoona kuchokera pakamwa panga tsiku lomwelo.

Ndine mwana wanu,
Esinati