Banga loyera pakhosi pa Tereza

Lachinayi. Kwazizira tsiku lonse, ndipo mtima wanga sunakhale pansi.

Ndinapita ndi mwana wanga Tereza kuchipatala kukaonetsa banga loyera lomwe lili pakhosi pake. Adokotala anafunsa kuti, "Mayi, nanga zilonda izi zabwera bwanji?" Ndinaulula kuti ndakhala ndikumukhula ndi mwala wotsukira mapazi, kuti bangalo lichoke asanalandire Ukaristia woyamba.

Sanandikalipire. Anati pamwamba pa khungu pali maselo akufa okhaokha. Maselo opanga mtundu wakuda amakhala pansi pake, ndipo pabangapo asiya kugwira ntchito. Anatinso pomwe khungu lavulala pamatha kutuluka banga lina.

Ambuye, chithunzi cha khungu ndi maselo amenewa ndinachijambula ndekha pa phunziro la sayansi mu Folomu 3, n'kukhoza bwinobwino. Ndinkadziwa. Kungoti ndinaopa pakamwa pa azimayi akukwaya kuposa kulira kwa mwana wanga.

Pomusambitsa madzulo ano anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Amayi, lero musandikhule, eti?" Ndamulonjeza. Koma ndaona kadontho kena koyera pafupi ndi chilonda. Bambo ake sindinawauzebe, ndipo sindikudziwa kuti ndiyambira pati...