Ndinabwerera Pageti

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Chigumula tilipo, kungoti mwendo wa amayi ukuvutabe.

A Nampuluma, oyandikana nafe aja, tinawaika m'manda Loweruka. Ali m'chipatala, anzathu a kumlaga, kagulu kathu ka mapemphero ka kumpingo, anandituma kuti ndikawapempherere. Chibwibwi changa mukuchidziwa. Ndinakwera minibasi mpaka m'tauni, ndinafika pageti pa chipatala, kenaka ndinabwerera, poopa kuchita manyazi pamaso pa anthu a muwodi. Ndinadzinamiza kuti ndidzapita ndikaloweza mawu.

Pamaliro, akazi awo anandigwira dzanja nati, "Malemu ankangofunsa za inu. Ankati, 'Abwere Yohane. Iye uja mawu amachita kuwavutikira, ndiye akamapemphera ndimadziwa kuti sakunama.'"

Achemwali, ndinasowa poyang'ana. Chimene ndinkabisacho ndi chimene iwo ankadikira.

Lachinayi mapemphero a mlaga ali kwathu, ndipo ndavomera kutsekulira ndi pemphero. Mantha sanathe. Muzindipempherera, osati kuti chibwibwi chichoke, koma kuti ndisadzabwererenso pageti.

Ambuye akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu,
Yohane