Fani Yosamvera Kiyi

Mlongo wanga,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko pamodzi ndi mlamu wanga ndi tiana. Chifuwa chija unkadandaula chinatha? Ngati sichinathe pita kuchipatala, usamangotafuna mapiritsi ngati mtedza. Kuno tikudzuka. Alamu ako ali bwino, mimba yokha ndiyo ikukula. Ine msana ndi womwe uja, koma munthu wokhalira kuwerama pansi pa boneti safunsidwa za msana.

Bambo m'thupi alibe vuto. Akudya, akugona, akuyenda okha mpaka pageti. Mutu ndiwo ukunka kutali. Masiku ano sandidziwa. Amanditchula kuti amisiri, amandipatsa moni mwaulemu, n'kundifunsa ngati kwathu n'kutali. Ndimawayankha kuti n'pafupi.

Ndasankha kulemba chifukwa pa foni iwe ndi ine sitimalizana. Iwe umayamba ndi "achemwali tamverani", ine ndimapsa mtima, kenako wina amadula. Pano sungandidule. Werenga mpaka pansi.

Nkhani ndi ya pikapu ya bambo.

Unandiuza kuti ndiikonze isamawire, kuti wogula wako akadzabwera asadzapeze chonena. Ndinamva. Matenda ake ukuwadziwa. Fani yake yakale imazungulitsidwa ndi lamba wa injini, ndiye galimoto ikamayenda pang'onopang'ono kapena ikangoima injini ikulira, mphepo imachepa, madzi n'kuwira. Mankhwala ake ndi kuwonjezera fani yamagetsi kutsogolo kwa rediyeta. Ndinaipeza kwa ogulitsa zida za magalimoto akufa, yafumbi koma yamoyo.

Mawaya ake ndinamanga ndekha. Mtolo womanga kale ulipo m'masitolo, koma ntchitoyi ndinaiphunzira ndi zala zanga, popanda sukulu, ndipo sindikhulupirira mfundo yomanga munthu amene sindinamuonepo. Ndinayala zonse patebulo lodyera: waya wonenepa wofiira wochokera ku batire, fyuzi, rile, kaswichi komva kutentha kwa madzi, ndi tepi wakuda. Masiku amenewo alamu ako ankadyera mbale ili pamiyendo, akudandaula kuti anakwatira galaja.

Poti iwe za magetsi umadziwa kuyatsa ndi kuzimitsa basi, ndikuuze za rile. Ndi kabokosi kofanana ndi ka machesi, ndipo ntchito yake ndi ya mlonda wa pageti. Kawaya kowonda kakamunong'oneza kuti injini yatentha, iye amatsegula, moto wambiri n'kupita ku fani. Kawaya kameneko kamayenera kutenga moto wake ku kiyi, kuti ukazimitsa galimoto zonse zigone limodzi. Gwira zimenezi, uzifuna kutsogoloku.

Pomanga mawayawo bambo ankakhala nane patebulo. Ankawatola mmodzimmodzi, kuwawongola, kuwasisita ngati tsitsi la mwana. Tsiku lina anandifunsa kuti, "Amisiri, mitsempha imeneyi ndi ya ndani?" Ndinati ndi ya galimoto yawo. Anaseka, akuti iwo sanakhalepo ndi galimoto.

Tsiku loika fani, alamu ako anaima pambali manja ali m'thumba, n'kumandiuza kuti waya wofiira ndamupinda kwambiri. Munthu woti babu ikapsa m'nyumba amaitana ine! Ndinamuuza mawu amene sindingalembe pano. Mutu uli wotentha choncho, kawaya kowonda kaja ndinakalumikiza ku batire m'malo mwa ku kiyi.

Phokoso la injini limawaopsa bambo masiku ano, ndiye nditailiza anakakhala pakhonde atatseka makutu. Ndinadikira singano ya geji yoonetsa kutentha ikwere. Fani inadzuka bwinobwino. Ndinazimitsa. Injini inakhala chete, koma fani sinamvere. Inangopitiriza kupuma yokha, fuuu, pabwalo pali zii.

Ndinadziwa pomwepo pamene ndaphonya. Ndinali nditagwira kale pulayazi kuti ndisunthe kawayako, ndiye ndinamva chitseko cha dalaivala chikutseguka. Ukuchidziwa chitseko chimenecho, chimafuna uchinyamule kaye pang'ono usanachikoke. Alendo onse chimawakana. Bambo anachitsegula ndi dzanja limodzi.

Ndinazungulira n'kulowa mbali inayo. Anali atakhala mowongoka, manja pachiwongolero. Pansi, pafupi ndi mapedulo, pali bowo lija linadyedwa ndi dzimbiri. Mphepo ya fani inkalowera pamenepo, yofunda, yonunkhira oyilo ndi fumbi, ikugwedeza miyendo ya thalauza lawo.

Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Iwe Tsabola, tseka chitseko bwino, ugwa."

Mlongo wanga, dzina limenelo ndinali nditaiwala kuti linali langa. Ndinatseka chitseko.

Ukukumbukira phiri lalitali lija pobwerera kokatula katundu? Pamwamba pake ankaima kuti rediyeta ipume. Potsika ankazimitsa injini kuti asunge mafuta, galimoto n'kumatsetsereka yokha, kukungomveka mphepo. Mayi ankakuwa kuti tsiku lina adzatipha chifukwa cha umbombo wa mafuta, iwo n'kumati kumwamba nakonso amafuna anthu osawononga. Ndiye bambo ali kumeneko. Akamva mphepo injini ili chete, kwa iwo tili pa phiri lija, tikutsika.

Anayamba kunditchulira msewu. Mitengo yaitali ya kumanzere. Nyumba ya denga lobiriwira imene mayi ankaisirira. Galu wa miyendo itatu amene ankatithamangitsa mpaka pamlatho. Pokhota anapendekera thupi, nanenso ndinapezeka ndapendekera.

Iwe ukundidziwa, za maloto sindikhala nazo. Chimene sindingachiyeze ndi mita kwa ine kulibe. Kutsogolo kwa galasi kunali mpanda wathu ndi zovala pachingwe, basi. Koma dzuwa la masana linkalowa chopingasa, fumbi likuyandama m'kati ngati utsi wagolide, ndipo zovala zija zinayamba kundidutsa ngati mitengo. Ndinamva m'mimba kupepuka monga zimakhalira galimoto ikatsika msanga. Ndinayang'ana mapazi anga, ndikuyembekeza kuti sakufika pansi.

Kenako madzi anazizira. Rile inangoti kha, fani n'kuima. Bambo anachotsa manja pachiwongolero, anayang'ana uku ndi uku, n'kundithokoza. Akuti, "Zikomo amisiri, mwandifikitsa. Kodi pano ndi kwa ndani?"

Kawaya kaja sindinakasunthe. Kali pomwepo mpaka lero.

Masana alionse ndikaweruka ndimatenthetsa injini bambo ali m'nyumba. Ndikazimitsa, fani ikayamba nyimbo yake, amatuluka okha, nthawi zina atavala nsapato imodzi. Batire limatha msanga, ndimalinyamula kukalitchaja ku ntchito. Alamu ako poyamba ankati ndapenga. Tsiku lina anadutsa kutsogolo kwa galimoto atanyamula ndowa, bambo n'kuliza hutala, akuti ng'ombe za anthu ano sizidziwa msewu. Chiyambireni, alamu ako amadutsa dala tsiku lililonse, mwapang'onopang'ono, ndipo amadandaula akapanda kulizidwira hutala.

Pa ulendowu malemu mayi amakhala pakati pathu. Bambo amandiuza kuti ndisunthire kuchitseko, ndikuwapanikiza amayi anga. Ndimasuntha. Amacheza nawo za malata odontha ndi za nsapato zako za kusukulu zimene unkang'amba ngati uli ndi mano kumapazi. Amasiya mpata woti mayi ayankhe, kenako amaseka. Sindimva zimene mayi amanena, koma zikuoneka kuti pakamwa pawo sipanasinthe.

Wogula wako anabwera. Nsapato zoyera, makiyi akuzungulira pachala. Anamenya matayala ndi phazi, n'kufunsa chifukwa chake fani sikuzima. Akuti palibe kanthu, akaidula yekha, iye akungofuna chonyamulira mchenga. Ndikudziwa anakuimbira kuti ndinamuthamangitsa ndi spana. Akunama. Inali pulayazi.

Sindikunena kuti ndiwe woipa mtima. Ndikudziwa ukufuna galimotoyi ithandize pa mankhwala a bambo ndi pa munthu wowayang'anira ine ndikakhala ku ntchito. Nzeru zimenezo n'zabwino, ndipo mapepala ali m'dzina lako chifukwa bambo anafuna choncho. Ukalimbikira, ine ndilibe poimira. Koma unaganiza zonsezi usakudziwa kuti m'nyumba muno mwatsala malo amodzi okha amene bambo amakumbukira kuti ali ndi ana, ndipo malowo ali ndi matayala.

Tsono imva chimene chandigwiritsa cholembera.

Masiku apitawa ulendo wasiya kunyamuka. Bambo amalowa monga mwa nthawi zonse, amanditchula dzina, amawakonzera mayi malo. Koma dzanja limakhala pa buleki ya pamanja, osaimasula. Amayang'ana pagalasi loonera kumbuyo n'kufunsa kuti, "Kondakitala wakwera?"

Kondakitala ndiwe. Ngati waiwala, ndikukumbutse. Tikaima pamwamba pa phiri unkathamangira kutchire, n'kubwera pomalizira kabudula ali m'manja. Unkakwera kumbuyo, n'kumenya denga kuti tizipita. Bambo sankamasula buleki asanamve dzanja lako, ngakhale mayi alalate bwanji.

Tsiku loyamba ndinawauza kuti wakwera. Anati sanamve. Ndinatulutsa mkono pawindo mwakachetechete n'kumenya denga. Anaseka mpaka kutsokomola. Akuti, "Limenelo ndi dzanja lako, Tsabola. Ukumenya ngati denga lakulakwira. Mwana wanga amamenya ndi chikhatho, ngati akugogoda kwa eni ake."

Mawa lake ndinakweza alamu ako kumbuyo. Galimoto inatsika mbali imodzi. Atamenya, bambo anandinong'oneza kuti ndisatembenuke, kwakwera chimunthu chachilendo, mwina wakuba. Alamu ako anatsika atakwiya, akuti bola ung'ombe.

Ndiye timangokhala. Fani imapuma, mphepo imalowa pa bowo, bambo maso ali pagalasi. Ndikawauza kuti tiyeni, udzatipeza, amandidzudzula. Akuti munthu sasiya mwana pamwamba pa phiri. Amawauza mayi kuti asadandaule, mwanayo akubwera, amachedwa choncho. Timadikira mpaka rile iti kha. Ikatero amatsika, n'kundifunsa ine mmisiri ngati ndaonako kamnyamata kovala kabudula wa khaki.

Dzulo anakana kutsika. Fani itazima anakhalabe, atagwira buleki, osadziwanso chimene akudikira, koma akudziwa kuti akudikira. Ndinachita kuwamasula zala chimodzichimodzi.

Ine zokonza ndimazitha. Ndipatse galimoto yoti amisiri onse aikana, ndidzaidzutsa. Koma izi zilibe waya woti ndilumikize. Bambo atsakamira pamwamba pa phiri, ndipo wowatsitsa ndiwe.

Bwera, mlongo wanga. Sindikuti ubwere ndi mphatso, kapena kuti udzakhale nthawi yaitali. Mapepala ubwere nawo ngati ukufuna, za kugulitsa tidzakangana pambuyo pake, maso ndi maso, ndipo ndikulonjeza kuti m'manja mwanga simudzakhala chitsulo. Koma uyambe wakwera kumbuyo kuja.

Ndikuuziretu zoona, poti kunyengerera sindidziwa. Ukadzalowa pageti sadzakuzindikira. Adzakupatsa moni ngati wodzawerenga mita ya madzi, ndipo zidzakupweteka. Usadzalire pamaso pawo, usadzawafunse kuti ndine ndani. Udzadikire ndizimitse injini, iwo alowe. Usadzapite pawindo, nkhope yako ya ndevuyo ingadzawasokoneze. Udzangoponda tayala, kukwera, n'kumenya monga unkamenyera. Ngati dzanja lako lasintha, sindikudziwa chimene tidzachite. Koma sindikhulupirira kuti lasintha.

Usachedwe ndi zopempha tchuthi mwaulemu. Kunja kwayamba kuzizira, madzi a mu rediyeta sakusunga kutentha, ndipo fani ikuzima msanga kuposa kale. Ndikhoza kuinamiza kuti izizungulira tsiku lonse, koma mphepo yake idzakhala yozizira, ndipo bambo sanamizika pa za galimoto.

Undiperekere moni kwa mlamu wanga, umuuze kuti ndikubwereka mwamuna wake masiku ochepa, ndidzamubweza wathunthu. Tiana utipsompsone, ndipo wamkuluyo umuuze kuti azakhali ake amva zoti akuthawa masamu. Alamu ako akupereka moni, akuti ubwere msanga iwo apume pa ntchito ya ukondakitala imene anachotsedwa asanaiyambe. Mulungu akusunge, akuyendetse bwino pa msewu.

Ukakwera basi undiimbire. Sindidzadula. Ndikufuna ndidziwe nthawi yoti ndiyambe kutenthetsa injini.

Ndine mchemwali wako,
amene bambo akumutchulabe Tsabola fani ikamazungulira.