Buledi wa M'thumba la Atate

Antwerp, Lamlungu, 6 Epulo 2003

Ndayamba kuyeretsa m'nyumba. Pasaka wathu wa Ayuda wayandikira, ndipo mwa mwambo pofika tsikulo pasapezeke ngakhale kanyenyeswa ka buledi wotupitsa. Lero makabati a kukhitchini. Msana ngati wa nkhalamba.

Buledi wa Atate ndayamba kale kumupeza: kuseri kwa wailesi, m'pilo, m'sokosi. Wouma gwa. Si zachilendo. Chitulukireni mumsasa wa ukaidi wa Anazi, amene ankapha Ayuda pa nkhondo, ali mnyamata, sanagonepo opanda kachidutswa pafupi. Amayi ankati anakwatiwa ndi munthu ndi mbewa pa ukwati umodzi.

Koma chaka chilichonse, m'mawa wa tsiku lolowa Pasaka, ankatulutsa okha zobisa zawo zonse n'kuponya pamoto ndi dzanja lawo. Ankati, "Frimet, kapolo sataya buledi. Ine ndimataya, chifukwa ndikudziwa kuti ndidzagula wina." Ndili mwana ndinkangosangalala ndi motowo. Mawuwo ndawamvetsa nditakula.

Lachiwiri, 8 Epulo

Achimwene a Naftali abwera ndi nkhani yawo ija. Malo apezeka kunyumba ya okalamba, Atate akhoza kukalowa Pasaka akangotha. Akuti ndatopa, maso alowa m'kati. Ngati kuti iwo anabwerapo kudzandilandira ngakhale tsiku limodzi. Akutinso Atate ndi ukalambawu sakutidziwanso, ndiye kulikonse kumene angagone n'chimodzimodzi.

Ndapsa mtima, ndipo ndalankhula mosaganiza. Ndati Lachitatu la sabata yamawa, akapereka okha buledi pamoto, ndiye kuti akadali nafe, sapita kulikonse. Akakana, sutikesi ndilongedza ndekha. Achimwene avomera msanga kwambiri. Pakamwa pangapa padzandipalamulira.

Lachinayi, 10 Epulo

Mvula tsiku lonse. Wochapa makatani wakweza mtengo, ndachapa ndekha.

Atate anditchula Perl. Perl anali mlongo wawo wamng'ono, amene anapita naye kumsasa koma sanabwereko. Anandikokera pakona n'kundinong'oneza kuti ndisatsokomole pamzere, asilikali angaone kuti ndikudwala. Ndinangoti chabwino. Kenako kubafa, mpopi wotsegula kuti asandimve ndikulira.

Ndawasowa, pamene ali m'chipinda chinachi. Ndasowa bambo uja ankabwera kuchokera kodula dayamondi zala zili bii, nsomba zamchere zokulunga m'nyuzipepala zili kukhwapa. Tikadandaula za chisanu ankatiseka: "Ukumva kuzizira uli ndi nsapato zonse ziwiri? Kumeneko n'kuzizira kwa anthu olemera."

Za kumsasa sankakamba. Kamodzi kokha anandiuza kuti akagona kumeneko ankatchula chamumtima mayina a misewu, kuchokera kusiteshoni mpaka pakhomo pa makolo awo, kuti njira yobwerera isawatayike. Anabwereradi, anapeza m'nyumbamo muli anthu ena. Anakachita lendi chipinda mumsewu womwewo n'kuyambiranso. Lero munthu yemweyo amasochera pakati pa khitchini ndi chimbudzi.

Lamlungu, 13 Epulo

Sabata dzulo yadutsa mwabata. Nyimbo za patebulo Atate ayimba zonse osaphonya liwu. Dzina langa ayi.

Lero ndinayesa kuwapempha kachidutswa ka m'thumba la jekete. Anandigwira pamkono mwamphamvu, mpaka pano pada. Maso amenewo sindinawaonepo. Sanali kuona ine.

Ndatsitsa mbale za Pasaka. Ya Amayi yobenthuka m'mbali ija ikadalipo. Iwo akanadziwa chochita. Ankangoima pakhomo, manja m'chiuno: "A Zelig, mbewa za mumsewu uno zati ndikuthokozeni, zanenepa." Atate n'kuseka mpaka misozi, n'kuyamba kupisa m'matumba. Ine nthabwala sindizitha. Ndinatengera ukali wokha.

Ndasesa kuchipinda kwawo. Nsapato za Amayi pansi pa bedi ndazilambalala, monga chaka chilichonse chimwalirireni. Kuzigwira sindinalimbebe mtima.

Lachiwiri, 15 Epulo

Kutangoda tafufuza buledi m'nyumba monga mwa mwambo, kandulo ndi nthenga yosesera nyenyeswa m'manja. Kale ankatsogola ndi Atate, ife ana pambuyo, iwo n'kumanamizira kusaona zidutswa zimene Amayi aika poonekeratu, mpaka ife tikuwe n'kuloza. Lero atsogola a Naftali. Atate anangokhala pampando, dzanja litaphimba thumba.

Achimwene anangondiyang'ana. Bola akanalankhula, tikanakangana.

Sutikesi ili pamwamba pa kabati. Sindinaitsitse. Ndili ndi mantha.

Lachitatu, 16 Epulo

Ndilembe msanga, dzuwa likalowa Pasaka wayamba, cholembera sichigwiridwanso.

M'mamawa tinakoleza moto m'chidebe chakale kuseri kwa nyumba. A Naftali anaponya zimene tinatola dzulo. Atate anaima atavala jekete lawo, maso pamoto. Ndinkaopa kuti utsi uwakumbutsa zina. Kenako anapisa m'thumba n'kutulutsa kachidutswa kaja. 

Sanaponye. Ananyema pakati, theka n'kundifumbatitsa m'manja: "Idya msanga, Perl, asanaone."

Nthawi yololedwa kudya buledi inali isanathe. Ndinadya. Wouma, wonunkha m'thumba, mano anachita kuwawa. Iwo anadya theka lawo. Achimwene anazolika. Ine chamumtima ndinati basi, ndagonja, ndikatsitse sutikesi. Koma ndinaganizanso kuti munthu amene akuona ngati ali kumsasa, n'kugawa pakati buledi wake wotsiriza, ameneyo ndi Atate ndithu.

Anatafuna nthawi yaitali. Atameza anandiyang'anitsitsa kuyambira kumutu mpaka kumapazi, monga ankachitira ndikabwera kusukulu ndi mawondo akuda.

"Frimet, iwe kusesa sudziwa. Wasiya wina m'nsapato za mayi ako. Katenge, moto ungazime."

Ndinathamanga ngati kamtsikana. Analimodi, wokulunga m'kampango ka Amayi. Anamasula okha, kampango anaika m'thumba, buledi anaponya pamoto ndi dzanja lawo. Anapukuta manja pajekete n'kunena kuti tidzagula wina.

A Naftali anatembenukira kukhoma, akuti utsi wawalowa m'maso. Za nyumba ya okalamba palibe amene wanenapo. Pochoka andifunsa ngati angamabwere Lamlungu lililonse kudzakhala ndi Atate. Ndati tiona, kuti asazolowere.

Masana ano anditchulanso Perl. Ndayankha. M'thumba la jekete ndawaikira buledi wosatupitsa wa Pasaka, pambali pa kampango. Nsomba sindinaphike, tebulo sindinayale, makandulo sindikudziwa kumene ndaika, ndipo Atate akuitana kuchipinda, sindinamve bwino kuti dzina liti, koma ndikupita.