Galu Wako Ndamupereka

Belgrave, Leicester

Zefaniya,

Ndikhulupirira uli bwino ku Ndirandeko, ndipo mwendo wa amayi ukupezako bwino. Kuno tili moyo. Zoti tili bwino sindinganene, chifukwa chake ukuchidziwa.

Pochoka kuno unati ukakhala masabata awiri. Uno ndi mwezi wachinayi ndikusunga Dyeratu, galu wako, m'kanyumba kopanda bwalo kano. Foni suyankha, ndiye ndalemba kalata kuti ngakhale amayi amve.

Pomugula chaka chatha unkadzitama kuti azitilondera nyumba. Iwe, galu ameneyu si mlonda. Ndi koli, mtundu woweta nkhosa, ndipo akasowa nkhosa amaweta chilichonse choyenda. Ndikaweruka kushifiti miyendo italemera, ndimapeza watafuna kapeti. Kumumangirira panja ngati kwathu sizitheka, aneba amaimbira akhansolo.

Lamulungu ndinapita naye kupaki. Ataona ana akuthamanga anawerama mpaka mimba kukhudza pansi, maso ali tong'o, kenako n'kuwazungulira mpaka onse anaunjikana malo amodzi. Zeenat, mwana wa a Kamran eni nyumba, anati athawe. Dyeratu anamugwira kachidendene ndi mano. Magazi sanatuluke, koma a Kamran anandiuza kuti pofika Lachisanu achoke galu, apo ayi ndichoke ine ndi mwana wanga Tayamika. Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala nawo anthu amenewa osakanganapo. Manyazi amene unandichititsa sindikukhululukira msanga.

Ndiye imva. Galu wako ndamupereka.

Michelle wa kuntchito ali ndi amalume ake, a Dave, oweta nkhosa cha ku Melton. Galuyo tinamupititsa kumeneko Lachitatu. A Dave anangomumasula kubusa osamuuza kanthu. Galu uja anathamanga mozungulira patali, osauwa ngakhale kamodzi, n'kubweretsa nkhosa zonse pachipata. Iwo anati luso anabadwa nalo, chatsala n'kumuphunzitsa kumva likhweru basi. Anafunsanso kuti ndani anatsekera galu wotere m'nyumba chaka chathunthu. Ndinatchula dzina lako, lonse.

Pochoka ndinamuitana. Sanacheuke n'komwe, ndipo ndisaname, zinandiwawa.

Usayerekeze kundiimbira kuti ukumufuna. Unamusiya mmene unasiyira ntchito zitatu zija, osatsanzika. Iye yake waipeza, ndipo akuigwira.

Upereke moni kwa amayi ndi azakhali. Mulungu akusunge, poti ine ndatopa kusunga zako.

Ine mlongo wako,
Mabel