Msuweni ndi Mbewa Zotuwa

Lolemba, 3 Febuluwale
Msuweni wanga, mwana wa azakhali. Ameneyo ndiye wandilanda malo. Ntchito ya pa labu pano ndinamupezera ndine, kugwira mbewa kumchira ndinamuphunzitsa ndine. Lero akuti ubweya wa mbewa ukumuyetsemulitsa. Bodza lenileni. Adokotala, mkulu wa labu, amumvera chisoni, amukweza kuchipinda cha maselo, kuli maikulosikopu. Malo amene ndinapempha ine chaka chatha! Ine nditsale ndi utuchi ndi manyi a mbewa.

Lachitatu, 5 Febuluwale
Lamulo la pano: ukalowa kwa mbewa, kwa maselo sulowako tsiku limenelo, ungapititseko tizilombo. Ndiye kuti ine chitseko chimenecho ndizingochiona. Iye gauni yoyera, ine fungo.
Mbewa zotuwa zaswa, zija anazichotsa jini imodzi, kachidutswa ka chibadwa. Ubweya wotumbuluka, ukaziboola khutu magazi amachedwa kusiya. Ndimazisamala ngati ana anga.

Lachisanu, 7 Febuluwale
Pa tiyi msuweni akuphunzitsa ine! “Mu selo muli ngati ku positi, msuweni. Jini ija ndiyo imathandiza puloteni iliyonse kufika koyenera. Ikasowa, katundu amangounjikana, ngakhale utoto wa ubweya sufika.” Pakamwa ngati anabadwira momwemo. Munthu woti ku sekondale ankakopera sayansi kwa ine.
Chondiwawa n’choti wafotokoza bwino.

Lachinayi, 13 Febuluwale
Azakhali pa foni: “Mwana wangatu tsopano ndi wasayansi.” Ndinangoti netiweki ikuvuta.

Lachiwiri, 18 Febuluwale
Msuweni anandiitana kuchipinda cha maselo m’mawa ndisanalowe kwa mbewa. Ndinayamba ndakana, miyendo inapita yokha. Pa maikulosikopu, maselo a mbewa zanga zotuwa. Mapuloteni aja, timadontho tobiriwira, kuwala ngati ziphaniphani, tonse titaunjikana mbali imodzi, tosowa kolowera. Diso linakana kuchokapo. Ndinangomuuza kuti eya, ndaona.
Madzulo pa siteji ya basi anandikumbatira, ine ndisanasinthe zovala chichokereni kwa mbewa. Basi isanabwere maso ake atupa, khosi lonse zidzolo, kuyetsemula mpaka misozi. Akusekanso: “Msuweni, iwe ndi poizoni.”
Ndiye kuti sananame.
Ndinkafuna akhale atanama. Bodza ndikanapita nalo kwa Adokotala, malo nkukhala anga. Nanga zidzolo ndikazinenere kwa ndani?
Mpando ndi wake basi. Mawa ndikasintha utuchi. Kumukhululukira ayi, sindinafikepo. Koma nkhani imeneyi sindidzaitchulanso, ngakhale kwa amayi.