Mzere wa Kumbuyo Kwanga

Okondedwa achimwene a Willard,

Moni kumeneko ku Milanje. Ife kuno ku Bangwe tilipo, mawondo okha ndiwo akudandaula. Akundilembera ndi mayi Eliza, oyandikana nafe.

Tamvani zakumpingo. Chibwerere matipatewa chilichonse n'chavoti, ndiye Loweruka timasankha mkulu wampingo: opikisana ayang'ane kukhoma, anthu afole kumbuyo kwa amene akumufuna. Anandiimika ine, woliza belu chabe, pambali pa a Orton, kalaliki wa boma wosavula tayi. Ndinkangomva mapazi. Pocheuka, achimwene, mzere wanga watulukira pakhomo, ndipo a Orton asiya malo awo, akaima kumapeto kwake. Ndinaseka, kenako misozi. Zoti Ambuye anasambitsa mapazi a ophunzira ndazimva zaka zambiri, koma tsikulo ndinaziona zitavala tayi.

Tsono mkulu amawerenga Mawu kutsogolo, ndipo Lamulungu lino ndi ine. Za ine ndi sukulu mukuzidziwa. A Orton akuti adzandigwirira Baibulo, ine ndizinena zapamtima, ndikaphonya azindinong'oneza. Ndavomera, bola adzaime kukhutu lakumanja, lomwe likumvabe.

Mutikumbuke m'mapemphero.

Ndine mphwanu,
Evance